Mmene mungamvetsere jazi wa mkwiyo ngati makutu anu sachedwa kupweteka

Ine makutu anga ndi ovuta kuyambira ndili mwana. Sikuti sindimva ayi, vuto ndi loti ndimamva mopitirira. Munthu akamapala mphika wa nsima ndi supuni mano anga amayayamira mpaka ndimatuluka panja, ndikadutsa pa siteji ya Copacabana kuno ku Harare madzulo mahwindi, anyamata oitanira aja, akuimba malikhweru uku akumenya zitseko za makombi, maminibasi akuno, ndimamva ngati wina akundibaya ndi singano kuseri kwa maso, ndiye ndikafika kunyumba ndimangofuna mdima basi osandiyankhulitsa. Kwathu ku Mabvuku ankangoti ndi matama. Ndikudziwa tilipo ambiri, ena ali ndi autism, ena mutu waching'alang'ala, ena makutu amangolira okha kuti ziii usana ndi usiku, ena adokotala anawapatsa dzina loti hyperacusis.

Koma ndimakonda jazi, ndipo osati wofewa uja amaika m'mahotela anthu akudya, ndikunena wa mkwiyo, woimbidwa ndi anthu amene tsankho linawafika pakhosi. Ndiye tangoganizani, nyimbo yoti anaipanga dala kuti ikuvutitse, ikumane ndi munthu woti chitseko chikangomenyetseka mtima uli m'mwamba.

Zinayamba chonchi. Tsiku lina amalume anabwera ndi chisipika chawo chachikulu kuti awaikire agogo aamuna Stimela, nyimbo ya sitima ya ku migodi ya Hugh Masekela, woimba lipenga wa ku South Africa, poti agogowo anagwirako ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela asanabwere kudzakhazikika kuno. Nyimbo ija pali pena imatsika kwambiri, bambo uja amangolankhula pansipansi kutchula maiko kumene sitima imatenga anthu, Malawi ndi Zimbabwe momwemo, amalume kuti amve bwino anakweza voliyumu. Ine ndili ndi kapu ya tiyi m'manja. Kenako mwadzidzidzi Masekela anakuwa kutsanzira kulira kwa sitima, kapu ija sindinadziwe nkomwe kuti ndaitaya liti, tiyi yense pa mwendo, ine panja manja ali kumakutu. Amalume kuseka. Agogo sanaseke, ananditsatira pakhonde nkunena kuti "mdzukulu, sitimayo inkalira chonchodi, nafenso tinkafuna kutseka makutu." Kuyambira tsiku limenelo ndinkafunitsitsa kuimva nyimbo ija mpaka kumapeto, koma mwa njira yanga. Njira yake ndi iyi.

1. Siyanitsani kaye, chikuwawa ndi khutu kapena mtima

Izi ndi zinthu ziwiri ndipo anthu amazisakaniza. Kuwawa kwa khutu kumabwera pompopompo, lipenga likangoti tswii umadzidzimuka, mapewa amakwera okha, nsagwada zimalimba, pena nseru. Sikusamala kuti nyimbo ikunena chani, ngakhale atakhala kuti akuimba za maluwa kumawawa chimodzimodzi. Kwa mtima kumabwera mochedwa, kumayamba ndi tsemwe, pakhosi pamatsekeka, misozi, ndipo kumachokera mu nkhani yake. Oimbawo ankafuna kachiwirika. Koyambako ndi kumene tikufuna kuchepetsa, chifukwa ukakhala busy kuteteza makutu nkhani ija siikufika nkomwe, umangomva phokoso basi.

2. Werengani nkhani yake musanadine play

Ife chimatipha kwambiri ndi kudzidzimuka. Ukadziwiratu kuti kukubwera chani thupi limakonzeka. Ndiye nayi nkhani ya nyimbo zinayi zimene ndimagwiritsa ntchito.

Alabama ya John Coltrane anaijambula mu November 1963, patangopita miyezi iwiri chiphulitsireni bomba pa tchalitchi cha anthu akuda ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America, pa 15 September, pomwe panafa atsikana anayi. Ilibe mawu, sakisofoni imangolira pang'onopang'ono ngati munthu akupereka uthenga pamaliro, piyano ikulirima pansi. Ng'oma za Elvin Jones zimadzakwera chakumapeto.

Strange Fruit ya Billie Holiday ndi ya 1939, analemba ndi mphunzitsi wina wa ku New York dzina lake Abel Meeropol. Ikunena za anthu akuda amene ankapachikidwa m'mitengo kumwera kwa America. Kampani ya Columbia inakana kuijambula mpaka anakaijambulira ku kakampani kakang'ono ka Commodore. Iyi pakhutu ndi yofatsa, mphindi zitatu zokha, koma mawu ake ndi olemera zedi. Ngati ndinu munthu woti chithunzi chikalowa m'mutu chimakhala sabata yonse, werengani kaye mawuwo masana musanamvere.

Stimela inatuluka koyamba 1974, chaka chomwecho chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha amuna a ku Malawi oposa 70 akuchokera ku migodi, Kamuzu nkuletsa kaye zolemba anthu. Imene anthu ambiri amaidziwa ndi ya pa chimbale cha Hope chimene anajambula pamaso pa anthu ku Washington mu 1993, pafupifupi mphindi 10. Anthu ogulitsa masipika odula amakonda kuyesera nyimbo imeneyi chifukwa imachoka pansi penipeni nkufika pamwamba penipeni, ndiye mukuona kale vuto lathu pamenepo.

Yomaliza ndi chilombo chenicheni. Chimbale cha woimba ng'oma wa ku America Max Roach cha 1960 chotchedwa We Insist!, chomwe muli ndi nyimbo yolira anthu 69 amene apolisi anawombera ku Sharpeville pa 21 March chaka chomwecho, ndipo boma la tsankho ku South Africa linadzachiletsa. Mmenemo muli Triptych, ng'oma ndi mawu a Abbey Lincoln basi, palibe chida china. Ili ndi zigawo zitatu, pemphero, kutsutsa, mtendere. Chigawo chapakaticho mayiyo saimba, amakuwa, kukuwa kwenikweni kwa munthu amene zamukwana, ng'oma zikuthamanga pansi pake. Musaiyambe mwangozi iyi chonde.

3. Sankhani tsiku loti makutu sanatope

Makutu athu ali ngati batire ya foni yakale, m'mawa imakhala yodzadza, ikafika 5 koloko yatha. Musayese mutangotsika kombi yoti dalaivala amaliza nyimbo za sungura njira yonse, musayese mutachokera ku msika wa Mbare Musika, musayese muli ndi njala kapena simunagone. Ine nthawi yanga ndi Loweruka m'mamawa anthu asanayambe mawailesi. Lamlungu ayi, mipingo ya masipika imayamba molawirira. Magetsi akathima kumakhala kaphee kokoma kwa kanthawi firiji itasiya kulira, koma kumangotha aneba akadzutsa jenereta, ndiye musadalire zimenezo.

Chipinda chikhale choti muli matiresi, makatani, zovala zopachika. Chipinda chopanda kanthu cha simenti chimabweza mawu, lipenga limakumenya kawiri. Zimitsani getsi lowala kwambiri, ambiri a ife maso ndi makutu zimatopa limodzi. Pajatu ngakhale ku kalabu ya Café Society ku New York kumene Billie Holiday ankaimba Strange Fruit, ankathimitsa magetsi onse kusiya limodzi lowalira pankhope pake, operekera zakumwa nkuima, ndipo inkakhala nyimbo yomaliza, akamaliza palibenso ina. Iwo ankachitira kuti anthu amvetsere, ife tingobera nzeruyo.

4. Sipika, osati za m'makutu, ndipo voliyumu muichere pa malo okwera

Apa ndi pamene ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa.

Tima earphone tolowa mkati mwa khutu tisiyeni kaye. Phokoso likakhala mkati mwa mutu palibe kothawira, ndipo nthawi yoti uzule kuwawa kwachitika kale. Kasipika ka foni nakonso nkoipa, kalibe besi, kamangotulutsa mawu osongoka okhaokha omwe ndi amene amatibaya. Pezani sipika ya Bluetooth yapakatikati, muiike kutali, mbali ina ya chipinda, ndipo isaloze kwa inu, itembenuzireni ku katani kapena ku khoma. Mawu osongoka amayenda molunjika ngati tochi, ukapatuka pang'ono amafooka, pomwe besi imangofalikira paliponse. Pabwalo ukawirikiza kawiri mtunda wako kuchoka pa sipika phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), m'nyumba sizifika pamenepo chifukwa cha makoma koma zimathandizabe.

Kenako lowani mu equaliser, posinthira mphamvu ya besi ndi ya mawu osongoka, mafoni ambiri ali nayo mu settings ya sound, Spotify nayonso ili nayo. Muona timizere tolembedwa manambala. Khutu la munthu limamva kwambiri mawu a pakati pa 2k ndi 5k, mpomwe pamakhala kulira kwa khanda, kukuwa, kuthwa kwa lipenga. Tsitsani timizere ta pamenepo pang'ono, komanso tapamwamba penipeni pomwe pamakhala timbale tachitsulo tija woimba ng'oma amamenya kuti tsss. Besi isiyeni momwe ilili. Akatswiri a nyimbo akuuzani kuti mwaiwononga, asiyeni alankhule, makutu ndi anu.

Tsopano msampha waukulu, womwe unawagwira amalume. Nyimbo zambiri za masiku ano zimakhala mulingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma jazi sachita choncho, amanong'ona kenako nkubangula. Ukachera voliyumu pamene akunong'ona wadzitchera wekha. Chitani mosemphanitsa: tsitsani voliyumu mpaka pansi, pitani pa malo okwera kwambiri a nyimboyo, kwezani pang'onopang'ono mpaka pamene mukumva koma mapewa sanakwere, nkutsitsa ndi kadontho kamodzi ka pa mzere wa voliyumu. Imeneyo ndiye voliyumu yanu, musaikhudzenso ngakhale poyambira pamveke motsika bwanji. Ngati simukumva bwino zolankhula sendezani mpando, osati kukweza.

Bungwe la WHO loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ana 75, komanso kuti voliyumu ya foni isapitirire 60 peresenti. Koma amenewo ndi malire oti khutu lisawonongeke, ife kuwawa kumayamba tisanafike nkomwe kumeneko, ndiye musadzikakamize kuti poti nambala ikuti zili bwino ndiye ndipirire.

Chinanso, dawunilodani nyimboyo muike foni pa flight mode. Palibe chopweteka ngati uli mkati mwa Alabama kenako advert kapena belu la WhatsApp likulira mu sipika.

5. Jambulani mapu a nyimboyo

Tengani pepala ndi cholembera. Imvereni kaye motsika kwambiri, moti mukungomva ngati wailesi ya aneba atatu kutsogoloko, maso ali pa nthawi ikuyenda pa foni. Paliponse pamene yakwera mwadzidzidzi lembani mphindi ndi sekondi yake, mulembenso kuti ndi chani, ng'oma, lipenga, kukuwa, m'manja mwa anthu. Ngati ngakhale izi zikukuopsani tumani wina akulembereni. Ine mapu oyamba a Triptych anandilembera achemwali anga, ndipo pa malo a kukuwa paja anangojambula mphezi nkulemba kuti "apa samala." Analembanso pamene kukutha, chomwe ndi chofunika kuposa pamene kukuyamba, chifukwa ukadziwa kuti kwatsala masekondi angati umatha kuwerenga nkudikira.

Sindikupatsani manambala anga dala. Stimela yokha ili ndi mitundu yambirimbiri pa YouTube, Masekela ankaiimba mosiyana pa shoo iliyonse, mapu a imodzi sagwira pa inzake. Lembani anuanu a fayilo yomwe muli nayoyo.

6. Yambani ndi yofatsa

Alabama, kenako Strange Fruit, kenako Stimela, Triptych kumapeto. Imodzi pa tsiku, osati zonse kamodzi. Ngati mukufuna yotenthetsera makutu musanayambe, Mannenberg ya Abdullah Ibrahim ya 1974 ndi yabwino, imangozungulira pamodzimodzi mofatsa ngakhale inadzakhala nyimbo ya pa misonkhano yolimbana ndi tsankho ku Cape Town.

7. Pomvera penipeni

Khalani pansi, msana utsamire khoma kapena mpando, mapazi afike pansi. Ine ndimafunda bulangete lolemera pamiyendo ngakhale kukutentha, limandikhazika mtima pansi kaya chifukwa chani. Foni ikhale m'manja chala chili pafupi ndi pause, pepala lija pa bondo. Mukaona kuti kwatsala masekondi asanu kuti mufike pa mphezi, kokani mpweya, nkumautulutsa pang'onopang'ono pamene phokoso likuyamba. Mukhozanso kutsitsa madontho awiri pamenepo nkudzabwezera padutsa. Ena amathandizika akamang'ung'udza chapansipansi limodzi ndi nyimboyo, ena kugwedezeka, ena kufinya kanthu m'manja, chitani zimene thupi likufuna palibe akukuonani.

Ulendo woyamba wa Triptych ndinamvera chigawo choyamba, nkudumpha chapakati chonse, nkumvera chomaliza pomwe mayi uja amangopuma mofooka ngati munthu amene walira mpaka misozi kuuma. Ndinamva kuti pakusoweka kanthu, kupuma kuja sikunkamveka kuti kukuchokera kuti. Sabata yotsatira ndinalola masekondi 10 a kukuwa. Kenako 20. Zinanditengera mwezi wopitirira kuti ndidutse chonse, ndipo tsiku ndinadutsalo manja ankanjenjemera koma makutu sanawawe, chinandigwira ndi china, ndinakumbuka mmene amayi anakuwira tsiku limene uthenga wa maliro a achimwene awo unafika kuchokera ku Dedza iwo alibe ndalama ya basi.

Zizindikiro zoti muimitse osakambirana: khutu kuwawa ngati labayidwa, kulira kwa ziii kuyamba kapena kukwera, chizungulire, nseru, timagetsi tothwanima m'maso kwa amene mumadwala mutu waching'alang'ala, kapena kumva ngati simuli m'thupi mwanu. Zikatero tsiku limenelo zatha. Ndipo ngati kuwawa kapena kulirako kukupitirira masiku, kapena kuli khutu limodzi lokha, pitani mukaonane ndi a chipatala oona za makutu, imeneyo si nkhani ya jazi.

Nyimbo ikatha musaike ina, zimitsani autoplay musanayambe nkomwe. Khalani chete mphindi 10 kapena 15, imwani madzi. Musapange mapulani opita mtauni mukangomaliza.

8. Nanga ku shoo

Kumeneko voliyumu si yanu ndiye nkhani imasintha. Gulani zotsekera m'makutu, za siponji zija zimapezeka ku famase ndi m'mashopu a hardware. Muzifinye zikhale zoonda, kokani khutu m'mwamba ndi dzanja lina, lowetsani nkugwira mpaka zitafufuma, anthu ambiri amangozitsamiritsa pakhomo pa khutu nkumati sizigwira ntchito. Thonje silithandiza kwenikweni. Ziliponso zopangira oimba zomwe zimatsitsa phokoso koma nyimbo nkumamvekabe bwino, ngati muli ndi wachibale ku Joni mutumeni. Mahedifoni a noise cancelling amachotsa kulirima kosalekeza ngati kwa jenereta kapena injini, koma lipenga ladzidzidzi limadutsa ndithu, musawadalire okha.

Valani musanalowe. Imani kumbuyo chapambali pafupi ndi khomo, kutali ndi masipika, ndipo musakhale moyang'anizana ndi kukamwa kwa lipenga kapena mbali ya woimba ng'oma. Malo a panja ngati Harare Gardens amapepuka kusiyana ndi holo kapena bala ya denga lotsika. Muuzeni amene mwapita naye kuti "ndikangokukhudza paphewa ndatuluka, usanditsatire, ndibwera," kuti pasakhale zofotokozana mkati mwa phokoso. Chenjeraninso ndi nthawi imene akulumikiza mawaya ndi ma maiki, kulira kuja kwa tswiii kumachitika nthawi imeneyo.

Koma zotsekerazi musazizolowere kuvala tsiku lonse kunyumba ndi kuntchito. Khutu likazolowera chete wambiri limayamba kumva phokoso wamba ngati lalikulu kuposa kale, ine ndinachitapo zimenezi miyezi ingapo mpaka madzi a pa mpopi ankandisokosa.

9. Ngati mukuthandiza wina

Mwana kapena mnzanu amene ali ndi makutu ngati angawa, mpatseni foni agwire yekha. Phokoso lomwelo limawawa pang'ono ukakhala kuti walikweza ndiwe mwini. Musamuuze kuti "limba mtima" kapena "uzolowera," ndipo musamuyese pomudzidzimutsa kuti muone ngati akunama. Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 12, gule akamatuluka kuno, zvigure momwe amanenera anzathu achishona, iye amabisala kunsi kwa bedi chifukwa cha ng'oma. Koma Stimela amaikonda, amati nyimbo ya sitima ya agogo. Amakhala ndi pepala lake, akafika pafupi ndi kulira kwa sitima amandiyang'ana nkuti "konzekani," nkutsitsa yekha madontho atatu, ikadutsa nkubwezera. Strange Fruit ndi Triptych sindinamuikirebe, zimenezo zidikire akule kaye.

Agogo anatisiya ndisanafike poimaliza Stimela, ndiye sindinakhale nawo pansi kuimvera limodzi mpaka kumapeto monga ndinkafunira. Pepala langa loyamba la Stimela lilipobe, ndinalimata kuseri kwa chitseko cha wadiropu, lili ndi mphezi zinayi. Zitatu pano ndimadutsa osakhudza foni. Ya kulira kwa sitima ija ndimatsitsabe madontho awiri, ndipo tiyi ndimayamba ndamuika pansi.